Pamene Filimu Inkadumpha

A Onesimo sankakhulupirira chinthu chilichonse chimene chinapangidwa iwo atachotsedwa ntchito. Buledi wa masiku ano ankati ndi mphepo yokhayokha, nsapato ankati ndi mapepala, ndipo za anthu ankangopukusa mutu. Fakitale ya nsalu itawataya pamodzi ndi anzawo ambirimbiri, anabwerera m'kanyumba kawo kuseri kwa msika wa Bangwe n'kukhala phee. Akazi awo atamwalira anasiya ngakhale kuyenda m'maliro, ati anthu amangopitako kukaona ngati bokosi lili labwino kuposa la kwawo.

Tsiku limodzi lokha ndi limene linkawadzutsa ndi mtima wabwino, Loweruka. Mwana wawo Idah ankagulitsa m'sitolo ina ku Limbe, ndipo Loweruka m'mawa, potsika kuchokera kumtunda kumene ankachita lendi, ankawasiyira Chiso asanakakwere minibasi. Chiso anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, wowonda miyendo, wa mafunso osatha. Bambo ake, Yona, anali ku Joni, kumene ankagwira ntchito yomanga nyumba, ndipo ankaimba foni mpata ukapezeka.

A Onesimo anali ndi cholinga pa mdzukulu wawoyo. Ankaona ana a masiku ano atapanikizana pa foni imodzi, akuseka munthu amene akuvina ngati walumidwa ndi linthumbwi, ndipo zinkawawawa. Iwo anakula ndi mafilimu enieni, a m'holo ya kanema ku Limbe, kumene ankakhala mipando yakutsogolo khosi lili chagada mpaka kuuma. Anatsimikiza kuti Chiso yekha aone zinthu zopangidwa ndi anthu oganiza.

Anayamba naye pang'onopang'ono. Mumsika munali mtsikana wina dzina lake Ruqaya, amene anali ndi kompyuta m'kashopu ka malata, ndipo ankaikira anthu nyimbo ndi mafilimu pa fulashi. A Onesimo ankamufotokozera filimu, iye n'kuifufuza mpaka kuipeza. Zoyamba zinali zija zosalankhula, za anthu ogwera m'migolo ndi kuthamangitsidwa ndi apolisi onenepa. Chiso ankaseka mpaka kugwa pampando, ndipo a Onesimo, amene anthu a mumsika sanawaonepo mano, ankaseka nawo.

Koma panali filimu imodzi imene ankaisunga mumtima, ya anthu oweta ng'ombe pa akavalo. Imeneyo ndiyo ankati mwana akaionera ndiye kuti waona kanema.

"Zogwera m'migolozo ndilibe nazo mawu," anatero Idah Loweruka lina ataima pakhomo, chikwama chili paphewa. "Koma zamfuti ayi, ababa. Adikire akule kaye. Chichokere bambo ake mwanayu amadzidzimuka ngakhale mbale ikagwa."

"Iwe, filimu imeneyi ine ndinaionera ndevu zisanamere, ndipo ndinaibwereza kambirimbiri. Ndikuidziwa kuposa mmene ndikukudziwira iweyo. Mulibe magazi. Kale munthu akawomberedwa ankangogwira pamtima n'kugona pansi bwinobwino ngati watopa. Si zanu zino zotulutsa matumbo."

"Mukunenetsa?"

"Ndine bambo ako ine, osati kondakitala."

Idah anaseka. Anayang'ana Chiso, amene anali atavula kale nsapato n'kukhala kutsogolo kwa TV, kenaka anayang'ananso bambo ake.

"Chabwino. Koma mukaona kuti zayamba kuopsa muzimitse."

"Limoti ili ndi ine," anatero a Onesimo.

Masana anatchinga windo ndi chitenje kuti m'nyumba mude ngati m'holo. Anakazinga mtedza, n'kuuthira m'kapepala kopinda ngati mmene ankagulitsira kale. Chiso Chingelezi chake chinali cha m'kalasi, choncho agogo ake ankamumasulira, akusintha mawu, pena a mwamuna, pena a mwana.

Nkhani yake inali yosavuta. Munthu wina wosula zitsulo anafika m'tauni ya oweta ng'ombe ndi kamwana kake kakakazi, n'kuyamba ntchito yake mwamtendere. Kenaka ng'ombe zinayamba kusowa. Anthu a m'tauniyo anasonkhana, anamwa, n'kunyamuka gulu kupita kunyumba ya wosula uja. Mmodzi ananyamula chingwe.

A Onesimo ankadziwa chotsatira. Gululo likafika pakhomo n'kugogoda, chithunzi chinkadumpha, n'kupezeka kuti kwacha, kamwana kaja kali pakavalo ndi munthu wina wachipewa chakuda amene adzabwezere anthu oipawo. Nthawi zonse zinkatero. Holo yonse inkaimba mluzu pamenepo, anyamata akumenya mipando, akukuwa kuti, "Wadula! Wadula!" Aliyense ankadziwa kuti nthawi imeneyo a boma ankayamba aonera filimu iliyonse n'kuchotsamo zimene ankati sizoyenera maso a anthu. Koma zaka zitachuluka, a Onesimo anaiwala mluzu uja. Anangotsala ndi filimu yawo yoyera, mmene bambo wosula ankangosowa osaonekanso.

Gululo linagogoda. Chitseko chinatseguka. Chithunzi sichinadumphe.

A Onesimo anazindikira nthawi yomweyo. Mluzu uja unabwerera m'makutu mwawo ngati unaimbidwa dzulo. Limoti inali pabondo, chala chili pa batani. Kungodina basi, n'kunena kuti tiyeni tikagule mandasi. Koma apa panali chimene anamanidwa ali mnyamata, chimene iwo ndi anzawo ankakangana pobwerera wapansi kuchokera ku Limbe, wina ati wosulayo anathawa, wina ati anamutsekera m'ndende. Anzawo aja ambiri anapita osadziwa. Iwo okha ndiwo anali pafupi kuona.

Chala sichinadine. Pakamwa panasiya kumasulira. Anasendera kutsogolo.

Anamukoka wosula uja m'fumbi. Anamumenya ndi zidendene za mfuti mpaka nkhope inasanduka ina. Kamwana kake kanali kugwira miyendo ya anthuwo, iwo n'kumakakankha ndi nsapato. Anaponya chingwe panthambi ya mtengo waukulu. Ndipo amene anajambula filimuyo sanathamange, anaonetsa zonse, mpaka miyendo itasiya kugwedera.

Kutacha mufilimu muja, munthu wachipewa chakuda atatulukira, a Onesimo anapuma mpweya waukulu n'kutembenuka kuti anene kuti tsopano zabwino zayamba. Pampando panalibe munthu. Mtedza unali mbwee pansi. Chiso anali ataima pakona, kuseri kwa chitseko, manja atatseka makutu koma maso ali tong'o pa TV.

Apa ndi pamene anadina batani.

"Agogo, amupachikiranji?"

"Ndi filimu chabe iwe. Amangoyerekeza."

"Anaba ng'ombe?"

"Ayi, sanabe."

"Nanga?"

"Anali wobwera. Sanali wa kumeneko, ndiye zinthu zitasowa anangoloza iyeyo."

Ananena zimenezi kuti mwana aone kuti oipa ndi anthu aja. Chiso anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Adadi nawonso si a ku Joni."

A Onesimo anaimirira. Anachotsa chitenje pawindo, anatola mtedza, anamugulira fanta. Mwanayo anangomwa pang'ono. Dzuwa litapendeka, nthawi yoti Idah afike itayandikira, mantha awo anaposa manyazi. Anagwada pamaso pa mdzukulu wawo, maondo akulira.

"Tamvera, Chiso. Zimene taonazi zikhale za ine ndi iwe. Ukawauza amayi ako, sadzakubweretsanso kuno. Ukufuna zimenezo?"

Chiso anapukusa mutu.

"Ndiye tisanene."

"Tisanene," anatero mwanayo.

Lolemba m'mawa a Onesimo anali kale pakashopu ka Ruqaya, fulashi ili m'manja, mawu ali pamwamba kuti ogulitsa tomato amve.

"Iwe mtsikana, unandiikiramo chiyani mufilimu mwanga? Ndinakuuza filimu ya ana, iwe n'kuwonjezeramo zako zonyansa!"

Ruqaya anachotsa kachingwe ka nyimbo kukhutu, n'kukonza mpango wake.

"Agogo, mwadzuka bwanji kaye? Ine ndiwonjezere anthu mufilimu? Ndikanakhala ndi nzeru zimenezo bwenzi ndili muno m'malata, ndikupsa ngati mbatata?"

"Usandiyankhe mwachipongwe. Munalibe zopachikana mmene muja."

"Ine ndimangotsitsa mmene ilili. Sindinaionere n'komwe, zakalezi zimandigonetsa. Ngati pali pena pakukunyansani, nenani ndipadule, si ntchito yaikulu. Mukanandiuza poyamba."

Mawu akuti kudula anawalasa a Onesimo. Iwo amene anakuwa nawo m'holo kutukwana odula, lero kamtsikana aka kakuwauza kuti kakanawadulira mosavuta. Anaika fulashi m'thumba.

"Nonse ndinu akuba," anatero, koma mawu anali atatsika, ndipo anachoka osayang'ana m'mbuyo.

Loweruka lotsatira Idah sanaime pakhomo monga mwa masiku onse. Analowa n'kukhala pampando, maso ali ofiira. Anatuma Chiso kukatunga madzi pampopi wa panja.

"Ababa, mwanayu sindikumumvetsa. Sakugona. Akumadzuka akukuwa, ndipo wayambanso kukodza pamphasa, chinthu chimene anasiya kalekale. Tsiku lililonse ati tiwaimbire adadi, tiwaimbire adadi, ndipo Yona akapanda kuyankha amalira mpaka kusanza. Kusukulu akumazungulira njira yaitali kuopa kudutsa pansi pa mtengo wa mango uja. Dzana ndapeza wamasula chingwe choyanikira zovala n'kukachikwirira kuseri kwa bafa."

A Onesimo anayang'ana pansi.

"Filimu yanu ija munaonera?"

"Tinangoyamba," anatero. "Anatopa nayo, tinazimitsa."

"Ndiye ndi kuvidiyo sho basi. Pafupi ndi sukulu pali chisakasa cha mnyamata wina, Kingsley, amaonetsa mafilimu masana ana ali ndi yunifomu. Ndikukayikira kuti Chiso akumalowa kumeneko ndi anzake."

Khomo lothawirapo linali litatseguka lokha, ndipo a Onesimo analowa mothamanga.

"Ndi amenewo! Ndakhala ndikunena ine. Anyamata amenewo alibe chisoni ndi mwana wa munthu. Amangofuna chisakasa chidzaze."

Anadzimva okha mmene mawu awo anatulukira bwino, ndi mkwiyo weniweni, ngati munthu wosalakwa. Chiso anali ataima pakhomo ndi ndowa, akuwayang'ana.

Tsiku limenelo TV sinayatsidwe. Anakhala pakhonde awiriwiri. A Onesimo anayesa kumuphunzitsa bawo pa mabowo okumba pansi, koma mwanayo ankangogwira miyala osaponya.

"Agogo, ku Joni kuli mitengo ikuluikulu?"

"Kulibe. Ndi nyumba zokhazokha."

"Munapitako?"

"Ayi."

Sanafunsenso. A Onesimo anadziuza kuti ana amaiwala msanga, kuti pofika mwezi wamawa zidzakhala zitatha, ndipo Loweruka lawo lidzabwerera mmene linalili.

Mawa lake, Lamulungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, anamva kugogoda. Anali Idah, akadali ndi zovala za kutchalitchi, atagwira Chiso padzanja.

"Valani jekete, ababa. Mundiperekeze. Waulula."



"Waulula chiyani?"

"Kuti amalowa kwa Kingsley. Dzulo titafika kunyumba ndinamufunsa bwinobwino, osayankha. Ndinamunyengerera, osayankha. Mpaka ndinathyola kamtengo. Ndi pamene ananena kuti analowa yekha kuvidiyo sho n'kuona munthu akupachikidwa." Idah anayang'ana mwanayo. "Sindinamumenyepo chonchi mwanayu chibadwire. Ndagona ndikulira ine. Koma bodza ndi kuzemba sindingalekerere, bambo ake kulibe. Tiyeni, ndikufuna mnyamata ameneyo andiuze pamaso panu chifukwa chake amalowetsa ana. Akachita matama ndikukamunenera kupolisi, atseke chisakasacho."

A Onesimo anayang'ana miyendo ya Chiso. Pansi pa diresi la kutchalitchi, pa akatumba owonda aja, panali mizere yotupa, ina yopingasa inzake. Anakweza maso. Mwanayo ankawayang'ana, ndipo pankhope pake panalibe kudandaula. Panali kunyadira. Anatsinzina diso limodzi pang'ono, mmene iwo eni anamuphunzitsira, kuwauza kuti musaope agogo, sindinanene.

A Onesimo anavala jekete.

Anatuluka atatu, Idah patsogolo, akuyenda mwachangu, nsapato zikugogoda miyala. Anadutsa mumsika, pa ogulitsa makala, n'kuyamba kukwera njira ya kusukulu. A Onesimo ankatsalira m'mbuyo. M'mutu mwawo munali milandu. Kingsley ameneyo, ankadziuza, ndi wolakwa ndithu, ana amawalowetsadi, kaya Chiso analowa kaya sanalowe. Chisakasa chimenecho chikatsekedwa ndiye kuti Bangwe yapindula. Iwo angoima chete kumbuyo, osanena bodza lililonse, Idah alalate, zithe. Ndani angadziwe? Mwana wapirira kale. Kuulula tsopano sikuchotsa mizere ija.

Chisakasa chinaonekera patsogolo, cha matabwa ndi mapepala akuda, chikutulutsa phokoso la mfuti pa sipika yong'ambika. Pakhomo panakhala mnyamata wovala malaya a timu ya mpira, akudya chinangwa. Chiso atamuona anachepetsa liwiro. Anasiya dzanja la amayi ake, anabwerera, n'kudzagwira la agogo ake. Kadzanjako kanali kozizira.

"Agogo," ananong'ona, "akandifunsa kuti ndinakhala mpando uti ndinene chiyani? Sindikudziwa m'kati mwake."

A Onesimo anaima pakati pa njira.

"Idah."

Idah anatembenuka.

"Tiyeni ababa, tafika kale."

"Mwanayu sanalowepo mmenemo. Anaonera kwanga."

Idah anabwerera pang'onopang'ono mpaka anaima pafupi kwambiri.

"Mwati bwanji?"

"Filimu ija. Tinaonera. Muli malo amene kale ankadula, ine sindinawaonepo. Ya pa fulashi ndi yosadula."

"Munandiuza kuti mukuidziwa."

"Ndimayesa ndikuidziwa."

"Munandiuza kuti munazimitsa atatopa."

A Onesimo anavomera ndi mutu.

"Chabwino, simunadziwe. Nanga zitayamba, bwanji simunazimitse? Limoti inali kuti?"

Bodza linali pafupi. Mabatire anatha. Ndinali nditatuluka panja. Koma Chiso anali pomwepo, ndipo analipo tsiku lija.

"Inali m'manja mwanga."

"Ndiye?"

"Ndimafuna kuona."

Mnyamata wa pachisakasa uja anasiya kutafuna n'kumaonerera, osadziwa kuti nkhaniyo inali yake mphindi yapitayo.

"Mumafuna kuona," anabwereza Idah motsitsa. "Ndipo munamuuza kuti asandiuze."

"Ndinaopa kuti sudzamubweretsanso."

"Dzulo ndakhala pampando wanu ndikukuuzani kuti mwana sakugona. Munandiyang'ana m'maso n'kutukwana anthu ena. Mukanangonena dzulo lomwelo, ababa, dzulo m'mawa, ine sindikanathyola kamtengo kaja. Mwandimenyetsa mwana wanga ndi manja anga."

Sanakuwe. A Onesimo akanakonda akanakuwa. Idah anagwada m'fumbi ndi chitenje chake cha kutchalitchi, anagwira miyendo ya Chiso mofatsa, n'kuyika chipumi chake pamimba pa mwanayo.

"Pepa, mwana wanga. Pepa."

Ataimirira anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo polankhula sanayang'ane bambo ake.

"Loweruka ndizimusiya kwa mayi Petronela a kumphakati kwathu. Musadikire."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa. Tiye, Chiso."

Koma Chiso sanasunthe. Anali atasiya dzanja la agogo ake ndipo ankawayang'ana chokweza mutu. Kunyadira kuja kunali kutachoka.

"Agogo, munati tisanene."

"Ndinatero."

"Ine sindinanene. Andikwapula koma sindinanene."

"Ndikudziwa, mwanawe."

"Ndiye mwaneneranji? Tsopano sindizibweranso, ndiponso andikwapula kale."

Idah anagwira Chiso padzanja, ndipo awiriwo anayamba kukwera njira ya kumtunda, mwanayo akuyenda motsimphina pang'ono chifukwa sokosi inkakhudza pamene panatupa.

"Madala, mulowa?" anafunsa mnyamata wa pachisakasa. "Yangoyamba kumene."

A Onesimo anapukusa mutu. Anaimabe pomwepo mpaka wa njinga ya kabaza anawaimbira belu kuti apatuke.